Kusamala ndalama za pakhomo kuyambe pa nthawi yokolola

A Mkonzi,

Ndikupempha kuti mundipatseko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga a kuno ku Angónia, a ku Tsangano, a ku Macanga, a ku Chifunde ndi a ku Moatize, m'chigawo cha Tete kuno ku Mozambique, pa nkhani ya kasamalidwe ka ndalama za pakhomo. Nkhaniyi imamveka kwambiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ufa watha m'nyumba zambiri ndipo aliyense akudandaula za kukwera mtengo kwa zinthu, koma ine ndikuona kuti pofika nthawi imeneyo timakhala titachedwa kale. Munthu amene m'nyumba mwake mwatsala ndowa imodzi ya chimanga alibe choti n'kuchepetsa, ndipo kumulangiza kuti azisinira ndi kumuonjezera chisoni. Chuma cha banja la mlimi chimaonongeka kwambiri pakati pa Epulo ndi Ogasiti, pamene nkhokwe zili zodzaza, fodya walowa pamsika, mbatatesi zakumbidwa ndipo ndalama zikuyenda m'manja mwa aliyense. Pamenepo m'pamene kusamala kuyenera kuyambira.

Wogwira ntchito m'boma kapena ku migodi ya malasha ku Moatize amalandira malipiro ake mwezi uliwonse, kotero kuti akalakwitsa mwezi uno amakhala ndi mwayi wokonza mwezi wamawa. Mlimi salandira choncho. Iye amalandira kamodzi kapena kawiri pa chaka, pomwe mchere, sopo, mafuta ophikira, chigayo ndi ndalama ya chapa (minibasi) zimafunika chaka chonse. Amene amalima fodya pa mgwirizano ndi kampani amadziwanso kuti ndalama imene imafika m'manja ndi yotsala pambuyo podula ngongole ya feteleza, mbewu ndi mankhwala. Vuto n'lakuti ndalama yotsalayo, chifukwa imabwera nthawi imodzi, imaoneka yambiri, ndipo munthu amaiwala kuti ndi malipiro a miyezi 12. Meticais 36,000 akakhala pamodzi m'thumba amaoneka ngati chuma chosatha, koma ukawagawa pa miyezi 12 amangokhala meticais 3,000 pa mwezi, kapena meticais 100 pa tsiku kwa banja lonse. Ndikukhulupirira kuti banja lililonse likanamachita kasamu kameneka tsiku lomwelo ndalama zalowa m'nyumba, zinthu zambiri zimene zimagulidwa mu Juni ndi Julayi sizikanagulidwa.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya chimanga. Dera lathu lamapirili limadziwika kuti ndi limene limadyetsa chigawo chonse cha Tete, ndipo chimanga chathu chimafika mumzinda wa Tete, ku Changara ndi kutsidya la malire. Chaka chilichonse, chimanga chisanaume n'komwe, ogula amayamba kumangirira masikelo awo pamitengo m'mbali mwa misewu ya ku Ulónguè, ku Dómuè ndi ku Calómuè. Amagula pa nthawi imene aliyense ali ndi chimanga, choncho mtengo umakhala wotsika kuposa nthawi ina iliyonse pa chaka. Amachisunga m'nyumba zawo zosungiramo katundu, ndipo mvula ikagwa, nkhokwe za m'midzi zikayamba kuonekera pansi, amatsegula zitseko n'kuyamba kutigulitsa chimanga chomwe chija pa mtengo wokwera kwambiri. Sindikuwadzudzula ogulawo, chifukwa akuchita malonda awo ndipo sakakamiza munthu. Ndikudandaula kuti ife amene tinalima, kupalira, kubandira ndi kukolola ndi amene timalipira phindu lawo, ndipo nthawi zambiri timalipira ndi ganyu m'minda ya ena pa nthawi imene munda wathu womwe ukufuna khasu. Zikatero zokolola za chaka chotsatira zimachepa, ndipo banja limalowa m'chaka chatsopano ndi njala ya chaka chatha.

Tinaziona bwino zimenezi m'chaka cha 2024. Chilala cha El Niño chinapsereza minda kumunsi kwa chigawo chathu, ku Changara, ku Mágoè ndi ku Cahora Bassa, ndipo ku Malawi boma linalengeza mu Malichi chaka chomwecho kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Ogula anachuluka ndipo mtengo umene ankapereka pa nthawi yokolola unkaoneka wabwino poyerekeza ndi zaka za m'mbuyo. Mabanja ambiri anagulitsa mosangalala. Amene anadekha n'kusunga chakudya chawo ndi amene anafika pa zokolola zina osagulitsa mbuzi kapena njinga.

Njira yodzitetezera ndi yosavuta, ngakhale kuti imafuna kuti bambo ndi mayi akhale pansi limodzi. Mayi wa pakhomo amadziwa bwino kuti pa mwezi amapita kuchigayo ndi ndowa zingati. Ngati ndi ndowa zinayi za malita 20, ndiye kuti pa chaka pakufunika ndowa 48, ndipo pamwamba pake paonjezedwe zina za alendo, za maliro, za aganyu ndi za abale amene adzabwere kudzapempha, chifukwa kwathu kuno zimenezi sizilephera. Chimanga chimenecho chipatulidwe chisanagulitsidwe n'chimodzi chomwe, chiikidwe pachokha, ndipo banja lonse lidziwe kuti si chogulitsa, si chosinthitsa ndi zovala kapena mapoto a ogulitsa oyendayenda, ndiponso si chofululira mowa. Chotsala pamenepo ndicho cha malonda. Ambiri timachita mosemphanitsa: timayamba ndi kugulitsa, kenaka n'kumayang'ana chotsala ndi maso n'kunena kuti chitifikitsa.

Wina anena kuti kusunga chimanga n'kudyetsa anankafumbwe, ndipo akunena zoona ngati chasungidwa mosasamala. Chimanga chiyenera kuuma bwinobwino chisanalowe m'thumba, apo ayi chimachita chuku, ndipo chimanga cha chuku ndi choopsa ku thanzi, makamaka la ana. Pali njira yoyesera imene sifuna ndalama. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo mchere wouma pang'ono ndi chimanga chodzaza dzanja, tsekani, khutchumulani kwa kanthawi, kenaka lisiyeni likhazikike. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho chikadali ndi chinyezi ndipo chibwerere padzuwa. Ukagwera pansi osamatirira ndiye kuti chauma. Chikauma, chipetedwe, chithiridwe mankhwala pa mlingo wolembedwa pa botolo lake, kapena chiikidwe m'matumba aja osalowa mpweya, okhala ndi mapepala apulasitiki awiri m'kati ndi thumba wamba kunja, m'mene tizilombo timafa tokha chifukwa chosowa mpweya. Matumba amenewa ndi okwera mtengo kuposa matumba wamba, koma akasamalidwa kuti asabooke amagwira ntchito zaka zingapo ndipo safuna mankhwala. Thumba liikidwe pa mitengo kapena pa thandala, lisakhudze pansi kapena khoma. Ndalama imene imalowa pa ntchito imeneyi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa ndowa imodzi ya chimanga mu Febuluwale.

Ndikudziwa kuti anthu sagulitsa chimanga chifukwa cha umbuli. Amagulitsa chifukwa pa nthawi yokolola m'nyumba mumakhala mulibe ngakhale sopo, ngongole za m'dzinja zikudikira, ndipo mwana akufuna nsapato. Pempho langa n'lakuti tiyambe ndi kugulitsa zimene sizisungika kapena zimene sitidya tsiku ndi tsiku. Mbatatesi, tomato ndi kabichi siziyembekeza munthu, choncho zipite kumsika. Soya nayenso apite, kungotsala wa phala la ana. Nkhuku imodzi ikhoza kugula sopo ndi mchere wa mwezi. Chimanga ndi nyemba zikhale zomalizira, chifukwa ndizo zimene tidzazifune pa mtengo uliwonse umene wogulitsa adzatchule.

Njira ina imene ndalama zimathera mosaoneka ndi kugula zinthu pang'onopang'ono tsiku lililonse. Pabenchi la pafupi ndi nyumba pamakhala mafuta ophikira omangidwa m'timapepala, shuga wa m'tisupuni, sopo waufa wa m'timapaketi ndi kamulu ka makala kophikira kamodzi. Chilichonse mtengo wake ndi wochepa, ndipo munthu samva kuwawa potulutsa ndalama yachitsulo, koma wogulitsa aliyense amene wagawa katunduyo waikapo phindu lake, ndipo wogula womaliza ndi amene amalipira onsewo. Meticais 20 pa tsiku ndi meticais 600 pa mwezi, ndipo pa chaka ndi meticais 7,300. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mawuwa ndi oona pa ndalama yolowa ndi yotuluka yomwe. Amene amapeza ndalama ya tsiku ndi tsiku sangachitire mwina koma kugula motero, ndipo sindikumuweruza. Koma amene walandira ndalama ya fodya kapena ya mbatatesi ali ndi mwayi wogula chigubu cha mafuta cha malita asanu, katoni ya sopo ndi thumba la mchere nthawi imodzi. Ngati ndalama ya banja limodzi siikwana, mabanja atatu kapena anayi oyandikana akhoza kusonkherana, kutuma munthu mmodzi ku sitolo yogulitsa mopikulitsa, n'kudzagawana pakhomo. Apa apulumutsanso ndalama ya ulendo ya anthu awiri kapena atatu.

Pali chenjezo limodzi pamenepa. Chinthu chikachuluka m'nyumba, dzanja limapepuka. Chigubu cha malita asanu chikaikidwa pafupi ndi moto chimatha msanga kuposa mafuta a m'timapepala, ndipo phindu lonse logula mopikula limathera mumphika. Amayi amene amaidziwa bwino ntchitoyi amathira mafuta a sabata imodzi m'kabotolo kakang'ono, chigubu n'kuchitsekera kuchipinda. Sopo wamtanda amamudula m'zidutswa n'kumuika pamwamba kuti aume, chifukwa sopo wouma sasungunuka msanga m'madzi.

Kukhitchini kuli zambiri zimene makolo athu ankachita popanda kuzitchula kuti n'kusamala ndalama. Mu Febuluwale ndi Malichi, nkhwani, khwanya, chisoso ndi bonongwe zimachuluka mpaka kuonongeka m'munda, koma mu Sepitembala ndi Okutobala timagula kamtolo ka masamba pamsika. Kufutsa ndiwo, kuziyanika n'kuzimanga m'zikwatu ndi ntchito ya masiku ochepa imene imadyetsa banja miyezi ingapo, ndipo ndi zachisoni kuti atsikana ambiri a m'tauni ya Ulónguè akukula akuona mfutso ngati ndiwo za amphawi. Nsinjiro zimalowa m'malo mwa mafuta ndipo zimapatsa thanzi kuposa mafutawo. Nkhani ya ufa ndiyo imene anthu amakangana nane kwambiri. Ufa woyera ndi wokoma, ndipo sindikutsutsa, koma chimanga chikakonoledwa gawo lalikulu limapita ku madeya, kuchigayo timalipira kawiri, ndipo chakudya chenicheni cha m'njere chimatsalira nkhumba ndi nkhuku. Mgaiwa umatulutsa ufa wambiri pa ndowa yomweyo ndipo umakhalitsa m'mimba. Banja limene silingathe kusiyiratu ufa woyera likhoza kumadya mgaiwa masiku ena, kapena kuphikira ana phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya, ndipo lidzaona lokha kuti ndowa ikufika patali.

Pa moto napo pamapita ndalama yambiri, makamaka kwa okhala m'tauni amene amagula makala. Nyemba zikaviikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga, mphika wovundikira umawira msanga kuposa wosavundikira, ndipo mbaula ya dothi imasunga kutentha kuposa yachitsulo yokhayokha. Makala agulidwe pa thumba m'chilimwe, chifukwa mvula ikayamba misewu ya kumidzi imavuta ndipo mtengo umakwera. Amene ali ndi magetsi olipiriratu a Credelec aziwerengera chimene chikudya mayunitsi awo. Babu lakale la mawati 60 likayaka maola asanu usiku uliwonse limadya mayunitsi 9 pa mwezi, pamene babu la LED la mawati 9, lowala mofanana, silifika ngakhale yuniti imodzi ndi theka. M'nyumba ya mababu asanu kusiyana kumeneku kumaonekera mwezi woyamba womwe. Zinthu zotenthetsa, monga simbi, ketulo ndi mbaula yamagetsi, ndizo zimadya kwambiri, choncho kusita kuchitike kamodzi pa sabata m'malo motenthetsa simbi m'mawa uliwonse chifukwa cha malaya amodzi. Abale athu a mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, sangakhale opanda fani kapena firiji, ndipo kuwauza kuti azimitse n'kusadziwa dera lawo. Iwo angoonetsetsa kuti chitseko cha firiji chikutseka bwino ndipo fani sikuzungulira m'chipinda chopanda munthu.

Foni yabweretsa ndalama yotuluka imene makolo athu sankaidziwa. M-Pesa, e-Mola ndi mKesh zatithandiza kwambiri, chifukwa munthu wa kumudzi kumene kulibe banki akhoza kusunga ndalama yake pamalo pamene mbala, chiswe kapena moto sizingaipeze. Koma nthawi iliyonse imene munthu watapa ndalama kwa ejenti pamakhala kandalama kodulidwa, kotero amene amatapa pang'onopang'ono kasanu pa sabata amalipira zambiri kuposa amene watapa kamodzi ya sabata yonse. Mamega ogulidwa tsiku lililonse kuti munthu aonere mavidiyo pa Facebook ndi pa WhatsApp amafika pa mtengo wa ndiwo za banja. Choopsa kuposa zonsezi ndi njuga ya pafoni. Ndaona anyamata oyendetsa njinga zamoto za matola, amene amagwira ntchito kuyambira m'bandakucha, akuthera ndalama ya tsiku lonse pa kubetcha asanafike kunyumba, ali ndi chiyembekezo chakuti mawa adzabweza zonse. Masewero amenewa anakonzedwa kuti mwini wake azipindula, ndipo palibe banja limene lingakonze tsogolo lake podalira iwo.

Ife okhala m'malire tili ndi nkhani ina imene a kutali sangaimvetse, ndiyo yokhala ndi ndalama za mitundu iwiri m'thumba limodzi. Timagula ndi kugulitsa ku Lizulu, ku Dedza, ku Biri-Biri ndi ku Zóbuè, ndipo ambiri amalandira kwacha n'kuisunga m'nyumba miyezi ingapo. Mu Meyi 2022 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, pamene metical wakhala pafupifupi pamalo amodzi poyerekeza ndi dola kuyambira 2021. Amene anasunga kwacha pansi pa mphasa anagona ndi ndalama yokwana kugula feteleza n'kudzuka ndi ndalama yosakwana, popanda wowabera. Kusintha ndalama nakonso kuli ndi mtengo wake, chifukwa wosintha amadyapo popita ndi pobwera pomwe. Langizo langa n'lakuti kwacha ikhale yogulira zinthu za tsiku lomwelo kutsidya, koma ndalama yosunga ikhale mu metical, ndipo isasinthidwe kawirikawiri popanda chifukwa.

Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama afalikira m'midzi yathu yambiri, ndipo ndimawayamikira. Bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, kaundula wowerengedwa pamaso pa onse, ndi kathumba kapadera kothandizira matenda ndi maliro, zaphunzitsa anthu kusunga kuposa mmene ulaliki uliwonse ukanachitira. Chipereganyu, chimene anzathu a m'tauni amachitcha xitique, chathandizanso amayi ambiri kugula malata ndi ziwiya. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha magulu athu kuti achiganizirenso, ndicho mwezi wogawana. Magulu ambiri amaphwanya bokosi mu Disembala, masiku ochepa chisanafike chikondwerero cha pa 25 ndi cha chaka chatsopano. Ndalama imene yasonkhedwa movutikira kwa miyezi yambiri imafika m'manja pa sabata imene misika yadzaza zovala zatsopano, mpunga, zakumwa ndi nyimbo, ndipo pofika pa 2 Januwale imakhala itatha. Gulu lomwelo likanagawana mu Okutobala, ndalamayo ikanagula feteleza wa 12-24-12, urea ndi mbewu mvula isanagwe, pa nthawi imene mitengo isanakwere ndipo katundu akupezeka. Likanagawana kumapeto kwa Januwale, ikanagula yunifolomu, makope ndi chakudya cha miyezi yovuta. Palibe lamulo limene limakakamiza gulu kugawana mu Disembala. Ndi mamembala okha amene amasankha, ndipo akhoza kusankha mwezi wina pa msonkhano umodzi.

Ngongole ya m'gulu nayonso ndi ngongole. Chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa mwezi, chimene magulu ambiri amaika, chimamveka chochepa, koma amene wabwereka meticais 5,000 n'kukhala nawo miyezi itatu amabweza meticais 6,500. Ngati ndalamayo inalowa mu geni imene ikubweretsa phindu, palibe vuto. Ngati inagula chitenje cha paukwati kapena foni yatsopano, banjalo lalipira meticais 1,500 chifukwa chosadikira. Za katapila ndiye sindifuna n'kunena zambiri, chifukwa tonse tikudziwa mabanja amene anataya njinga, ng'ombe ngakhale munda chifukwa cha ngongole imene inayamba yaing'ono. Ogwira ntchito m'boma nawonso asamale ndi ngongole zodulidwa pa malipiro, chifukwa ndi zosavuta kutenga koma zimatsatira munthu zaka zambiri, ndipo ena amafika pomalandira theka la malipiro awo.

Sukulu m'dziko lathu zimatsegulidwa kumayambiriro kwa chaka, pa nthawi yomweyo imene chakudya chachepa ndipo munda ukufuna feteleza wachiwiri. Ngakhale kuti lamulo la maphunziro la 2018 linachotsa ndalama yolembetsera mpaka kalasi 9, ndipo mabuku a ku pulayimale amaperekedwa ulere, yunifolomu, makope, zolembera ndi nsapato zimatuluka m'thumba la kholo. Tsiku lotsegulira sukulu silibwera modzidzimutsa. Kholo limene lagula nsalu ya yunifolomu ndi makope mu Julayi, pamene ndalama ilipo ndipo atelala alibe ntchito yambiri, silidzagulitsa chimanga chake chomaliza mu Januwale kuti mwana alowe m'kalasi.

Zonse ndanenazi sizingatheke ngati m'banja mulibe kumasukirana pa nkhani ya ndalama, ndipo pano ndilankhule ndi abambo anzanga mosabisa. M'mabanja ambiri mayi ndi ana amagwira ntchito ya fodya kuyambira ku nazale mpaka kusoka ndi kusankha masamba, koma tsiku la malipiro bambo amapita yekha, ndipo mayi sadziwa n'komwe kuti zatuluka zingati. Masabata otsatira bamboyo amaoneka ku mabaraka, akugulira mowa anzake amene sanagwireko khasu m'munda mwake, ndipo kunyumba amabwera ndi chitenje chimodzi ndi kilogalamu ya nyama. Pofika Novembala mayi ndi amene amayamba kuyenda m'makomo kufunafuna ganyu. Kusinira kwa mayi pa mafuta ndi sopo sikungabweze ndalama imene yatha motero. Pepala la malipiro liwerengedwe ndi onse awiri, ndipo ndalama igawidwe onse ali pomwepo: ya feteleza, ya sukulu, ya zofunika za mwezi ndi mwezi, ya matenda. Bambo akhale nayo yake yosangalalira, chifukwa anagwira ntchito, ndipo mayi akhalenso ndi yake, koma ikhale yodziwika ndi yotsala pambuyo pa zinazo.

Pa maliro ndilankhula mosamala, chifukwa kulira m'bale ndi udindo umene palibe angauthawe, ndipo kusonkha ufa, nkhuni ndi ndalama pa zovuta ndi chimene chimatigwirizanitsa monga mudzi. Chimene ndikuona kuti chapitirira muyeso ndi mpikisano umene walowa pa mabokosi, pa chakudya cha pa ziliza ndi pa maukwati, mpaka banja lamasiye kugulitsa ng'ombe yolimira kuti anthu asalinene. Mafumu athu ndi atsogoleri a mipingo ali ndi mphamvu yoika malire pa zimenezi, ndipo akatero adzamasula mabanja ambiri amene paokha sangalimbe mtima kuchepetsa, poopa manyazi.

Palinso zinthu zimene siziyenera kuchepetsedwa ngakhale zinthu zitavuta motani. Mwana akatentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa ndalama ya kuchipatala cha boma ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa malungo ochedwetsedwa. Masikito ndi ogonamo, osati otchingira dimba kapena nkhuku. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala m'nyengo ya mvula, chifukwa kolera amene anafika m'chigawo chathu mu 2023 sitinamuiwale. Dzira, nyemba ndi nsinjiro za ana aang'ono ndi za mayi woyembekezera zisagulitsidwe kuti pagulidwe zakumwa zotsekemera. Ndalama ya feteleza nayo isadyedwe, ngakhale kuti ikhoza kuchepetsedwa pokonza manyowa a zinyalala ndi ndowe m'chilimwe, ndi kubzala chimanga mosinthana ndi soya, nyemba kapena mtedza.

Pomaliza, A Mkonzi, ndili ndi pempho kwa inu ndi kwa anzanu a pa wailesi. Mlimi amagulitsa motchipa kawirikawiri chifukwa sadziwa mtengo wa kwina. Amangomva umene wamuuza mwini sikelo. Unduna wa zaulimi uli ndi nthambi yotolera mitengo ya m'misika, yotchedwa SIMA, imene imatulutsa kalata yake ya Quente-Quente, koma kalatayo ili m'Chipwitikizi ndipo siifika kwa mayi wa ku Dómuè kapena wa ku Furancungo. Ndikupempha kuti nyuzipepala yanu ipatule kadanga sabata iliyonse kolembamo m'chinenero chathu mitengo ya chimanga, nyemba, soya, mbatatesi ndi feteleza ku Ulónguè, mumzinda wa Tete ndi m'misika ya m'malire, pamodzi ndi mtengo wosinthira kwacha ndi metical. Nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete, imene imaulutsa kale mawu m'Chinyanja, ndi mawailesi a m'madera akhoza kumawerenga mitengo yomweyo madzulo, anthu ataweruka kumunda. Ndikupemphanso akuluakulu oona za miyeso kuti m'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni aziyendera masikelo ndi ndowa za ogula m'mbali mwa misewu, kuti kilogalamu ya ku Calómuè ikhale yofanana ndi kilogalamu ya ku Tete.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Ulónguè, Angónia